Mphamvu iti? Kuunika mndandanda wa mawu a mechanics m'Chichewa

Chiganizo chimene chandilembetsa nkhaniyi ndinachiyamba ndekha, ndipo ndinachisiya panjira. Ndimathandiza ophunzira a chaka chachitatu pa phunziro la classical mechanics, kaganyu kamene ife ochita digiri yachiwiri timapatsidwa kuti tizipezako ya sopo. Tsiku limenelo tinali titafika pa njira ya Lagrange. Ndinalongosola m'Chingerezi kawiri konse, anthu angoti duu. Ndiye ndinachita zomwe aliyense wophunzitsa kuno amachita zinthu zikathina, kuthawira ku Chichewa. "Taonani," ndinatero, "kwa Newton timayambira pa mphamvu. Koma kwa Lagrange sitiyambira pa mphamvu ayi, timayambira pa..." Ndinaima pomwepo, choko chili m'manja. Mawu amene ankabwera anali omwe aja: mphamvu. Ndinkafuna kunena kuti Newton amayambira pa force pomwe Lagrange amayambira pa energy, koma pakamwa panga panali dzina limodzi la zonse ziwiri.

Kalasi inaseka. Kenako mtsikana wina anatulutsa foni n'kundionetsa mndandanda wa mawu umene wakhala ukuyenda pa WhatsApp pakati pa ophunzira fizikisi. Ndi masamba asanu ndi limodzi, kumanzere mawu a Chingerezi, kumanja a Chichewa. Wolemba sanadzitchule dzina; amangoti anali wophunzira wa chaka chomaliza. Ndauwerenga kangapo tsopano, ndipo ndiyambe n'kunena kuti munthu ameneyu anagwira ntchito imene ambiri a ife timangoikamba pakamwa. Anakhala pansi n'kuyesa. Koma mndandandawu ukuwerengedwa ndi anthu amene akukonzekera mayeso, ndiye sungapatsidwe ulemu wongouwombera m'manja. Uyenera kuunikidwa.

Pa tsamba loyamba penipeni pali zomwe zinandigwetsa ine zija. Force akuti mphamvu. Energy akuti mphamvu. Power akuti mphamvu. Momentum akuti mphamvu ya kuyenda, ndipo mukatsika pang'ono mupeza kinetic energy nayo ili mphamvu ya kuyenda. Wolembayo sanalakwe Chichewa. Timanenadi kuti wakankha chitseko ndi mphamvu, kuti phala limapatsa mphamvu, kuti injini iyi ndi yamphamvu, kutinso mfumu ili ndi mphamvu zogawa malo. Kumudzi palibe amene amasokonezeka nazo. Koma phunziro lonse la mechanics lagona pa kusiyanitsa zinthu zimenezi. Force timaiyeza m'ma newton, energy m'ma joule, power m'ma watt, ndipo wophunzira amene wazimanga mtolo umodzi m'mutu mwake amalemba zachilendo pa mayeso. Ndachongapo mapepala amene munthu akuwonkhetsa force ndi energy ngati akuwonkhetsa mbuzi ndi malita a palafini, masamu ake onse ali olondola bwinobwino.

Pano ena amathamangira kunena kuti mwaona, Chichewa n'chosauka, sayansi sichingaikwanitse. Ine zimenezo zimanditopetsa, chifukwa wonenayo amakhala asanaone mbiri ya phunziroli. Azungu eni ake anapunthwa pa mwala womwewu, ndipo anakhalitsa pansi. M'chaka cha 1686 Leibniz anatsutsa otsatira Descartes pa funso loti "mphamvu" ya chinthu choyenda tiziiyeza bwanji: kodi ndi mass kuchulukitsa ndi liwiro, kapena mass kuchulukitsa ndi liwiro kawiri? Iye ankaitcha yakeyo vis viva, kutanthauza mphamvu yamoyo, ndipo vis ndi mawu omwewo a Chilatini amene Newton ankatchulira force. Mkanganowo unatenga zaka makumi angapo. Willem 's Gravesande anagwetsera mipira ya mkuwa m'dongo lofewa n'kuona kuti liwiro likawirikiza kawiri dzenje limakula kanayi, ndipo Émilie du Châtelet anagwiritsa ntchito zimenezi poikira kumbuyo Leibniz. Lero tikudziwa kuti mbali zonse ziwiri zinkanena zoona, kungoti zinkakamba zinthu ziwiri zosiyana ndi dzina limodzi: ena momentum, ena energy. Thomas Young anabweretsa mawu oti energy pa tanthauzo limeneli mu 1807, koma sanafale msanga. Mpaka mu 1847 Helmholtz, polemba nkhani yake yotchuka yosonyeza kuti energy sionongeka, anaitchabe Kraft, mawu a Chijeremani otanthauza force. Ndiye wolemba mndandanda wathuyu ali pagulu la anthu olemekezeka ndithu. Vuto ndi loti iwo anatulukamo, ife mndandandawu ukutibwezeramo.

Chondiseketsa n'choti anthu a m'tauni anasiyanitsa kale zinthu ziwirizi popanda wowauza. Mayi akamati "mayunitsi atha," akukamba za energy yeniyeni: chinthu chogulidwa, chowerengeka, chimene chimachepa ukamachigwiritsa ntchito. Yunitsi imodzi ya magetsi ndi ma joule 3,600,000. Mayi omwewo akamakalipira mwana kuti asiye kuyatsa mbaula chifukwa "imadya mayunitsi msanga," akukamba za power, kuthamanga kwa kadyedweko. Babu la ma watt 100 limatha yunitsi imodzi m'maola khumi, mbaula ya ma watt 1,000 m'ola limodzi. Wolemba mndandanda sanamvetsere zolankhula ngati zimenezi. Anayang'ana mawu a Chingerezi, n'kufunsa kuti dzina lake m'Chichewa n'chiyani, basi.

Ndipo apa m'pamene pali cholakwa chachikulu cha ntchito yonseyi, choposa mawu aliwonse paokha. Chingerezi cha m'mabuku a sayansi chimakonda mayina: motion, acceleration, interaction, conservation. Wolembayo anaganiza kuti dzina lililonse liyenera kupeza dzina linzake. Koma Chichewa nzeru zake zambiri chinazisunga mwa mneni, m'timaphatikiri tija tinkaloweza ku sekondale pa mutu wa misintho ya aneni, tikuyasamula. M'masamba onse asanu ndi limodzi mulibe paliponse pamene misintho imeneyi yagwiritsidwa ntchito.

Tengani lamulo lachitatu la Newton, la m'buku lake la Principia la 1687. Mndandanda ukuti action ndi chochita, reaction ndi chobwezera. Kumasulira kwake n'kokhulupirika, ndipo n'chifukwa chake kwatengera matenda onse a Chingerezicho. Mawu oti kubwezera amatanthauza kuti wina wayamba, mnzake n'kuyankha pambuyo, ngati ndewu ya pa mpopi. Lamulolo silinena zimenezo. Palibe woyamba, palibe woyankha. Zonse zimachitika nthawi imodzi. Tsono Chichewa chili ndi kamphatikiri kamene ntchito yake ndi yomweyi, ka -an- ka msintho wochitirana. Kukoka, kukokana. Kukankha, kukankhana. Dziko ndi mwezi zimakokana. Mukanena choncho simungafunsenso kuti wayamba ndani, ndipo simungathe kumaliza chiganizocho osatchula mbali ziwiri. Sam Mchombo analemba zambiri za kamphatikiri kameneka m'buku lake la The Syntax of Chichewa la 2004, ndipo sindikhulupirira kuti ankaganiza za Newton, koma zimene galamala imafuna pamenepa n'zimene fizikisi imafunanso.

Pali funso lina limene limakola ophunzira chaka ndi chaka. Buku lili phee pa tebulo. Dziko likulikokera pansi, tebulo likulikankhira m'mwamba, ma force awiriwa ndi ofanana kukula ndipo ndi otsutsana. Kodi amenewa ndiwo action ndi reaction? Ambiri amati inde, ndipo amalakwa. Ndinayesa kufunsa funso lomweli m'Chichewa: buku likukokana ndi chiyani? Ndi dziko. Nanga likukankhana ndi chiyani? Ndi tebulo. Aneni awiri, maubale awiri osiyana. Kukoka kwa dziko mnzake ndi kukoka kwa buku pa dziko. Kukankha kwa tebulo mnzake ndi kukankha kwa buku pa tebulo. Simunganene kuti "dziko ndi tebulo zikukokana pa buku," khutu lenilenilo limakana. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene sanalankhulepo chiyambire teremu, anangoti, "Aaa, ndi zomwezi basi?"

Ndisanamize anthu: -an- sanyamula lamulo lonse. Anthu awiri akamamenyana sizitanthauza kuti zibakera zawo n'zolingana, ndipo ana akamatsatana pamzere mmodzi amakhala patsogolo ndithu. Choncho lole ikagundana ndi njinga, wophunzira amaumirirabe kuti lole ndiyo yagunda kwambiri. Pamenepo uyenera kuwonjezera ndi pakamwa kuti kukankhanako n'kofanana ndendende, chosiyana ndi zimene kukankha komweko kwachita pa chinthu chopepuka ndi pa chinthu cholemera. Galamala imakufikitsa pakhomo, kulowa umalowa ndi masamu.

Koma kamphatikiri komweka kanandithandizanso pamalo pamene sindinkayembekeza. Chakumapeto kwa kosi timaphunzira za kuyenda kwa zinthu tikamaziona tili m'chinthu chimene chikukhota kapena kuzungulira; m'buku la John Taylor la Classical Mechanics la 2005, limene ambiri timagwiritsa ntchito, ndi mutu wachisanu ndi chinayi. Mmenemo muli centrifugal force ndi Coriolis force, zimene Chingerezi chimazitcha fictitious. Mndandanda ukuti mphamvu zabodza. Ine mawu amenewa ndikuwakana. Aliyense amene anakwerapo minibasi yotsika msewu wokhotakhota wa Golomoti amadziwa kuti kukanikizidwira ku zenera kuja si bodza. Phewa limapweteka zenizeni. Ukauza wophunzira kuti zimene thupi lake lamva n'zabodza, amaloweza kuti akhoze mayeso koma mumtima sakukhulupirira. Funso labwino ndi lija lija: pamene ukumva ngati china chikukuponyera kunja, ukukokana ndi chiyani? Tchula. Palibe. Chitseko chikukukankhira mkati ndipo iwe ukuchikankhira kunja, pamenepo -an- akugwira. Koma "chokuponyera kunja" chija chilibe mnzake woti uike m'chiganizo. Thupi lako limangofuna kupitirira molunjika, galimoto ndiyo yakhota. Ameneyu ndiye force wopanda mnzake, ndipo kunena choncho n'kolondola kuposa kunena kuti wabodza, chifukwa chizindikiro chenicheni cha ma force amenewa n'chakuti lamulo lachitatu siliwakhudza.

Pa nkhani ya liwiro mndandanda wachitanso zomwe unachita pa mphamvu. Speed akuti liwiro, velocity akuti liwiro, acceleration akuti kuwonjezera liwiro. Chomalizachi n'choopsa. Mwala uli mu gulaye, ukuzungulira pa liwiro losasintha, uli ndi acceleration nthawi yonseyo, yoloza pakati pa bwalo. Wophunzira amene waloweza kuti acceleration ndi kuwonjezera liwiro adzayankha kuti palibe, ndipo mutu wonse wa mapulaneti ozungulira dzuwa wamuthawa. Chikhalirecho tili ndi mawu oti mayendedwe. Mayina a mtundu wa ma-...-edwe amanena za mmene chinthu chikuchitikira: kadyedwe, malankhulidwe, mayendedwe. Mayendedwe a galimoto akuphatikiza kuthamanga kwake ndi kumene yalunjika. Ikakhota pa makilomita 40 pa ola osachepetsa, liwiro silinasinthe koma mayendedwe asintha. Acceleration ndi kusintha kwa mayendedwe, kaya kuthamangirako, kaya kuchepetsa, kaya kukhota. Ndikudziwa kuti mawuwa ali ndi katundu wina. Tikati mtsikana uyu mayendedwe ake sakuoneka bwino sitikukamba za fizikisi. Kalasi idzaseka kamodzi, kenako idzazolowera.

Kusiyana kwa kuyenda ndi kuyendetsa nakonso n'chuma chimene wolembayo anachiponda osachiona. Pamalo ena analemba kuti force ndi "mphamvu yoyendetsa chinthu." Ameneyo ndi Aristotle, si Newton. Maganizo oti chilichonse choyenda chiyenera kukhala ndi chochiyendetsa ndiwo amene lamulo loyamba linabwera kudzagwetsa. Chinthu chikhoza kuyenda mpaka kalekale popanda wochiyendetsa. Force ntchito yake ndi kusintha mayendedwe. Msintho wochititsa, -ets- uja, ukaikidwa pa mneni wolakwika umaphunzitsa fizikisi ya zaka zikwi ziwiri zapitazo.

Inertia akuti ulesi. Apa ndinamwetulira, chifukwa wolembayo anafufuzadi: m'Chilatini mawuwa amatanthauza ulesi womwewo. Kepler, amene anawalowetsa mu sayansi, ankaganiza kuti zinthu mwachibadwa zimafuna kuima. Koma tanthauzo limene Newton anasiya ndi lina. Funsani wa njinga amene wanyamula matumba atatu a makala akutsika chitunda ngati katundu wakeyo ndi waulesi. Waulesi amakondwa ukamuuza kuti aime. Katunduyu akukana kuima, monga momwe anakanira kunyamuka. Limeneli ndi liuma. Chinthu chaliuma chimakakamira zomwe chikuchita, kaya kukhala, kaya kuyenda, ndipo mass ndiwo muyeso wa liumalo. Zikatero mass ndi weight sizikanganirananso mawu oti kulemera, monga zikuchitira pa tsamba lachiwiri la mndandandawu. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limakokedwa ndi dziko ndi ma newton pafupifupi 490. Pa mwezi lingakokedwe ndi ma newton pafupifupi 81 okha, mwana akhoza kulinyamula. Kulemera kwachepa. Koma wina atakuponyera thumba limenelo pa mwezi pomwepo, lidzakugwetsa chimodzimodzi, chifukwa liuma lake silinasinthe.

Pa work sindikhalitsapo, ngakhale ndi pamene ndinatsutsana kwambiri ndi anzanga. Mndandanda ukuti ntchito, ndipo palibe kumasulira kwina. Coriolis naye mu 1829 anangotenga mawu wamba a Chifalansa otanthauza ntchito. Koma tamvani mmene zimamvekera: mayi amene wasenza ndowa ya malita 20 kuyenda nayo mtunda wonse pamalo athyathyathya sanagwire ntchito pa ndowayo, anagwira ntchito pokhapo pamene ankaitukula kufika pamutu, ma joule ngati 300. Kanene zimenezo kwa amayi ako uone. M'Chingerezi chiganizochi chimatidutsa osatipweteka chifukwa work ndi mawu a kusukulu, sitinakule nawo. Apa ndiye ndikuona kuti kubwereka kuli ndi phindu lake. Mawu achilendo amabwera opanda fungo la kunyumba, ndipo ukhoza kuwapatsa tanthauzo lopapatiza popanda wina kukwiya.

Ndiye maganizo anga si oti tichotse Chingerezi chonse. Mneni sangalowe mu equation. Pamafunika dzina loti liime pamalo pa F, pa E, pa p, ndipo pamenepo ine ndingabwereke mosachita manyazi, monga tinabwerekera sukulu, sayansi ndi fizikisi yemweyo. Ophunzira anabwereka kale. Mukawamvetsera akukambirana madzulo mudzamva "force yake ikuloza kuti," "ma force awiriwa akuthana," "energy yapita kuti." Mawuwa alowa kale m'magulu a mayina, akutenga agwirizanitsi, ali ndi zambiri zake za ma-. Chimenecho ndi Chichewa, kaya a chilankhulo choyera akonde kaya asakonde. Chotsala n'kugwirizana kalembedwe, ngati tizilemba fosi kapena tisiye force, ndipo ine pakadali pano ndasiya momwe alili chifukwa ndi mmene wophunzira adzawapezere pa pepala la mayeso. Chimene mndandandawu unalakwitsa ndi kugawa ntchito mozondoka: unamasulira mayina, amene bwenzi utangobwereka, n'kusiya aneni, amene ndiwo akanalongosola.

Pali mzere umodzi umene sindinaupezere yankho. Principle of least action akuti "lamulo la kuchita zochepa," ndipo ophunzira amalikonda kwambiri, amati ndilo lamulo lokhalo la fizikisi limene amalitsatira mokhulupirika. Koma action ya apa si ija ya lamulo lachitatu, ndipo si chochita chilichonse. Ndi nambala imene umaipeza ukawonkhetsa T kuchotsapo V pa njira yonse imene chinthu chadutsa, ndipo mmene Hamilton analikonzera lamuloli m'ma 1830, nambalayo siyenera kukhala yochepetsetsa nthawi zonse. Chofunika n'choti isasinthe ukaisuntha njirayo pang'ono. Chingerezicho chili ndi mawu awiri osokeretsa, ndipo Chichewacho chawatenga onse. Ndayesa aneni angapo, onse akundikanika. Amene ali ndi maganizo andithandize.

Sabata yotsatira ndinabwerera ku chiganizo changa chija. Ndinajambula mwala wolendewera pa chingwe. Ndinati kwa Newton timafunsa kuti mwalawu ukukokana ndi chiyani: ndi dziko, ndi chingwe, ndipo chilichonse timachijambulira muvi wake. Kwa Lagrange, amene buku lake la 1788 linadzitama kuti mulibe chojambula ngakhale chimodzi, sitifunsa za kukokana. Timafunsa kuti mwalawu uli ndi mayunitsi angati chifukwa choyenda, ndiponso angati chifukwa cha pamene wakwera. Woyambayo T, winayo V, ndipo zonse timazilemba ndi ngodya imodzi yokha ya chingwe. Kukoka kwa chingwe sikuonekanso n'komwe m'masamu. Anthu analemba, ndipo funso limene ndinawapatsa ambiri analikhoza.

Potuluka mtsikana wa foni uja anandiimitsa pakhomo. Anati za mayendedwe wagwirizana nazo, za kukokana wagwirizana nazo, koma liuma ayi. Kwawo ku Ntcheu, akuti, liuma ndi la munthu amene wamva koma wasankha kukana, ndipo thumba la chimanga silisankha kanthu. Ndikungochotsa ulesi n'kuikapo khalidwe lina la munthu. Ndinamufunsa mawu amene iye angaike. Anati aganizire, abwera nawo Lachinayi.